Satin kapena gloss: zimene vanishi amachita pa gitala ya acoustic

Mukapeza magitala awiri a kampani imodzi, kukula kwake kumodzi, matabwa ake amodzimodzi, koma ina ikunyezimira pamene inzake ndi yozimirira, wogulitsa amanena chimodzi mwa ziwiri. Mwina akuuzani kuti yonyezimirayo ndiye yapamwamba, kapena kuti yozimirirayo imalira bwino chifukwa "thabwa limapuma". Mawu onse awiriwa ali ndi kachoonadi, koma onse amasocheretsa wogula. Kunyezimira ndi nkhani ya kachikopa kapamwamba penipeni pa vanishi. Zimene zimakhudza kalilidwe ka gitala, mtengo wake ndi mmene idzakalambire zili pansi pa kachikopako: mtundu wa vanishi, kuchindikala kwake, ndiponso ngati timabowo ta thabwa tinatsekedwa kapena ayi.

Gloss ndi vanishi amene pamwamba pake pasalazidwa mpaka kuwala kukagunda kumabwerera mbali imodzi, n'chifukwa chake mumadziona nkhope. Pa satin, pamwamba pali timapiri ndi timaenje tosaoneka ndi maso, ndipo kuwala kumamwazikana. Opanga utoto amayeza zimenezi ndi makina ounikira pa madigiri 60, galasi lakuda losalala likuwerengedwa ngati 100. Chopitirira 70 chimatengedwa kuti ndi chonyezimira kwambiri, chochepera 10 ndi matte weniweni, ndipo satin ndi semi-gloss ali pakatipo. Makampani a magitala satsata malire amodzi, choncho satin wa kampani ina akhoza kufanana ndi matte wa kampani ina. Musadalire dzina lolembedwa pa kabuku, onani gitalayo.

Satin amapangidwa m'njira ziwiri. Yofala m'mafakitale ndi kuthira ufa wosalala kwambiri wa silica mu vanishi wa ulendo womaliza. Vanishi akamauma amaphwa, ndipo timibulu ta ufawo timatukula pamwamba pang'onong'ono. Akauma basi ntchito yatha, sakhudzanso. Njira ina ndi kupaka vanishi wamba, kumusalaza, kenako kumukwecha ndi manja pogwiritsa ntchito steel wool wosalala kapena zokwechera zina mpaka kunyezimira kutazima mofanana paliponse. Njira yachiwiriyi imadya nthawi ndipo imafuna dzanja lodziwa. Magitala a Lowden, opangidwa ku Downpatrick ku Northern Ireland, amadziwika ndi satin wawo ndipo ali m'gulu la magitala okwera mtengo kwambiri. Kampani ya Maton ya ku Melbourne ku Australia, imene magitala ake amaimbidwa ndi katswiri wa gitala Tommy Emmanuel, nayonso imatulutsa magitala ambiri a satin. Choncho zoti satin ndi wa magitala otchipa okha si zoona.

Chifukwa chimene gloss amakwerera mtengo

Kalipentala aliyense amene anapakapo vanishi pa mbawa kapena mlombwa amadziwa kuti ulendo woyamba ndi wachiwiri vanishi amangomira m'timabowo ta thabwa, pamwamba n'kutsala tokumbikakumbika. Matabwa ambiri a kumbuyo ndi m'mbali mwa gitala ali chimodzimodzi: mahogany, sapele, rosewood, walnut, koa, ndi khaya, womwe ndi mtundu wa mbawa yomweyi. Spruce, cedar ndi maple alibe vuto limeneli chifukwa timabowo tawo ndi tating'ono kwambiri.

Kuti gitala ya mahogany kapena rosewood ituluke yonyezimira bwino ndi vanishi wa nitrocellulose, mmisiri amayamba wakwecha thabwa ndi sandipepa mpaka nambala 220 kapena 320. Amapaka sealer, vanishi woyamba wopyapyala, kenako amatseka timabowo ndi phala lotsekera, n'kupala lotsala, n'kudikira liume. Nthawi zambiri kutseka kumodzi sikukwanira. Akatero amapopera vanishi maulendo 8 mpaka 12, atatu kapena anayi patsiku, akumakwecha pakatipakati ndi nambala 320 kapena 400 kuti pafanane. Kenako gitala imapachikidwa milungu iwiri mpaka inayi kuti vanishi aume ndi kuphwa mokwanira. Akafulumira apa, pakatha miyezi ingapo vanishi amamiranso m'timabowo ndipo kusalala kumatha. Ikauma amaikwecha ndi madzi kuyambira nambala 800, 1000, 1500 mpaka 2000, kenako amaiwalitsa pa gudumu la nsalu lozungulira ndi mankhwala owalitsira, kuyambira okhakhala kumalizira osalala. Pa gudumupo ndi pamene magitala ambiri amaonongekera: kukanikiza pang'ono m'mphepete, vanishi watentha kapena wabooka, ntchito yabwerera m'mbuyo.

Pa satin wa ufa uja, kukwecha ndi madzi kulibe, gudumu kulibe, kudikira kumachepa, ndipo makampani ena satseka n'komwe timabowo. Amenewa ndi amene mumawaona atalembedwa "open pore", monga Cort AD810 OP. Ndalama zimene mumawonjezera pa gloss ndi za maola a mmisiri, osati za thabwa labwino koposa. Ndiye chifukwa chake kampani ya Martin ya ku Nazareth, Pennsylvania imatha kugulitsa D-15M ndi 000-15M, zomwe ndi za mahogany weniweni ponseponse, pamtengo wotsika poyerekeza ndi D-18 kapena D-28 zonyezimira. Kusakongoletsa kwambiri ndi satin ndi mbali ya zimene zimatsitsa mtengowo.

Makampani ambiri amasakaniza. Taylor 314ce ili ndi thabwa lakumaso lonyezimira, koma kumbuyo ndi m'mbali ndi satin. Nzeru yake ndi yoonekeratu: spruce safuna kutsekedwa timabowo ndiye ndi wosavuta kuwalitsa, ndipo ndi amene anthu amaona. Yamaha FG800 ili ndi thupi lonyezimira ndi khosi lozimirira, ndipo pali FG800M yomwe ndi yozimirira thupi lonse. Ngakhale D-28 ya masiku ano khosi lake ndi satin.

Funsani kaye mtundu wa vanishi

Satin ndi gloss si mitundu ya mankhwala. Nitrocellulose akhoza kukhala satin kapena gloss, polyurethane chimodzimodzi.

Nitrocellulose anafala m'zaka za m'ma 1920, pamene kampani ya DuPont inatulutsa utoto wa Duco wopopera magalimoto. Martin inasiya vanishi wakale wotchedwa shellac n'kusamukira ku vanishi wamtunduwu chakumapeto kwa zaka zomwezo, ndipo Gibson imamugwiritsabe ntchito pa magitala ake a acoustic a ku Bozeman, Montana, monga J-45. Nitrocellulose, amene mwachidule amatchedwa nitro, amauma chifukwa thina amene anamusungunula amauluka, ndipo amapitiriza kuphwa kwa zaka. Amachita chikasu akamakalamba, amang'ambika timizere akazizidwa mwadzidzidzi, komanso amasungunukanso akakumana ndi thina kapena mankhwala ena. Kufooka komweku ndi kumene kumamupangitsa kukhala wosavuta kukonza.

Polyurethane ndi polyester amauma chifukwa mankhwala awiri agwirizana n'kupanga pulasitiki yolimba yosasungunukanso. Magitala ambiri amene amafika m'masitolo ndi m'matchalitchi kwathu kuno, Yamaha F310 ndi anzake, ali ndi vanishi wa gulu limeneli. Taylor ya ku El Cajon, California inayamba m'zaka za m'ma 1990 kuumitsa polyester ndi kuwala kwa ultraviolet, ndipo vanishi amene akanadikira milungu amauma m'kanthawi kochepa zedi. Palinso shellac wopakidwa ndi kansalu m'njira ya French polish, wopezeka makamaka pa magitala a classical opangidwa pamanja. Ndi wopyapyala kwambiri, wonyezimira, koma thukuta ndi mowa zimamuononga msanga.

Zoona zake pa nkhani ya kalilidwe

Thabwa lakumaso kwa gitala ndi limene limatulutsa mawu ambiri. Ndi lochindikala mamilimita pafupifupi 2.5 mpaka 3, ndipo chilichonse chimene mwamatapo chimayenera kunjenjemera nalo limodzi. Tiyeni tiwerenge. Thabwa lakumaso la gitala yaikulu ya mtundu wa dreadnought ndi lalikulu masikweya sentimita pafupifupi 1,400. Vanishi wouma amalemera magalamu pafupifupi 1.2 pa kiyubiki sentimita imodzi. Akakhala wochindikala mamilimita 0.1, monga pepala limodzi lolembapo, ndiye kuti pathabwapo pali magalamu pafupifupi 17. Akakhala 0.4, zimene zimachitika pa magitala otchipa othiridwa polyester wambiri, ndi magalamu pafupifupi 67. Thabwa lenilenilo la spruce, lisanamatidwe timitengo tolimbitsa ta m'kati, limalemera magalamu osapitirira kwenikweni 200. Mukhoza kuona nokha kuti vanishi wochindikala si katundu wochepa, ndipo kuwonjezera pa kulemera amaumitsa thabwa ndi kumeza kunjenjemera kwina.

Makampani amadziwa zimenezi. Mu 2014, Andy Powers, mmisiri wa kampani ya Taylor, atakonzanso magitala a Taylor a gulu la 800, anatsitsa gloss wawo kuchoka pa 6 mils kufika pa 3.5 mils, kutanthauza kuchoka pa mamilimita pafupifupi 0.15 kufika pa 0.09. Gitala inakhalabe yonyezimira, chimene anasintha ndi kuchindikala.

Apa ndi pamene pali kachoonadi ka wogulitsa uja. Gloss amafuna vanishi wokwanira woti akwechedwe ndi kuwalitsidwa osabooka, ndipo fakitale yothamangira kuchuluka imathira wambiri kuti antchito asalakwitse. Satin safuna zimenezo, ndiye kawirikawiri amakhala wopyapyala. Pa magitala otchipa a thabwa lakumaso lenileni, osati lomatikiza ngati plywood, yozimirira nthawi zambiri imamveka yomasuka kuposa inzake yonyezimira. Pa magitala okwera mtengo, amene gloss wake ndi wopyapyala kale, kusiyanako kumachepa kufika poti magitala awiri a mtundu umodzi ndi vanishi mmodzi akhoza kusiyana kwambiri chifukwa cha thabwa lokha. Pa gitala ya plywood ponseponse, musataye nthawi ndi mtsutso umenewu. Ufa wa silica pawokha susintha mawu. Ndipo zoti thabwa limapuma zisakusokonezeni: m'kati mwa magitala ambiri mulibe vanishi, ndiye mpweya ndi chinyezi zimalowa ndi kutuluka kudzera m'menemo, kaya kunja kuli satin kapena gloss.

Mungayerekeze kuchindikala kwa vanishi ndi maso. Yang'anani pamene khosi likumana ndi thupi. Ngati pangodyapo vanishi wadzaza n'kupanga kamtunda kosalala, ndi wochindikala. Yang'ananinso m'mphepete mwa bowo la mawu, ndiponso pamene pagumuka ngati gitala ndi yakale. Pendeketsani thabwa lakumaso pa kuwala: vanishi wopyapyala amatsata mizere ya spruce ndipo timizereto timaoneka pang'ono pamwamba, pamene wochindikala amakwirira zonse.

M'manja, pamkono ndi pa maikolofoni

Kwa woimba, kusiyana kumene amakumva tsiku lililonse kuli pakhosi la gitala. Khosi lonyezimira ndi losalala kwambiri moti chikhatho chonyowa chimakakamira, chala chachikulu n'kumadodoma mukamatsetsereka kupita kumtunda. Nitro akatenthedwa ndi dzanja amanandanso pang'ono. Khosi la satin limasiya mipata ing'onoing'ono pakati pa khungu ndi vanishi, ndiye dzanja limayenda. Woimba wa thukuta lambiri, kapena woimba kotentha monga ku Chigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja, kapenanso m'tchalitchi cha malata chodzaza anthu masana, asankhe khosi la satin posatengera mmene thupi lilili.

Ngati muli kale ndi khosi lonyezimira lokuvutani, mukhoza kulizimitsa. Matani tepi ya pepala kumene khosi likumana ndi mutu, kumene likumana ndi thupi, ndi m'mbali mwa fingerboard, thabwa la pakhosi limene zala zimakanikizirapo nsambo. Tengani steel wool wa nambala 0000 kapena Scotch-Brite yotuwa, mukweche mopepuka motsata kutalika kwa khosi, osati mopingasa. Maulendo ochepa akwanira, mukangoona kuti kunyezimira kwazima lekani. Steel wool wotsukira mapoto ndi wokhakhala kwambiri, amasiya mizere yakuya, musamuyandikitse. Ngati gitala ili ndi pickup (kachipangizo kotola mawu kupita ku sipika) ya maginito pabowo, ichotseni kapena iphimbeni bwino ndi tepi, chifukwa tizidutswa ta waya timathamangira kumagineto ndipo sitichoka. Pakapita miyezi dzanja lidzawalitsanso khosilo, mudzabwereza. Pa polyurethane wochindikala mukhoza kubwereza kangapo osadandaula, koma pa nitro wopyapyala kumbukirani kuti ulendo uliwonse mukuchotsako vanishi.

Pathupi nkhani imatembenuka. Satin amachita phokoso la "shii, shii" malaya kapena mkono ukamakhula, makamaka wa open pore. Mukamaimba pakhonde simungalimve kwambiri. Mu situdiyo, maikolofoni ya condenser yoikidwa masentimita 20 kapena 30 kuchokera pa gitala imalitola lonse, ndipo ma pickup omatidwa pansi pa thabwa lakumaso, monga K&K Pure Mini, amalitolanso chifukwa amamva chilichonse chokhudza thabwalo. Gloss sachita phokoso ndi nsalu, koma mkono wosavala ukanyowa umamata, n'kulira pomatuka. Wojambula nyimbo ndi gitala ya satin avale malaya a thonje ofewa, ndipo asamasunthesunthe. Pa kanema zimasinthananso: gloss amabweza magetsi ndi mazenera mu kamera, ndipo zidindo za zala zimaonekera poyera, pamene satin savutitsa wojambula.

Mmene zimakalambira

Ili ndi gawo limene ogula ambiri saliganizira, chikhalirecho ndi limene limadzawakhumudwitsa.

Gloss amaonetsa chilichonse kuyambira tsiku loyamba: zala, fumbi, timizere tozungulira ta nsalu yopukutira, zokala za pick (kapulasitiki kokhwatchira nsambo), chizindikiro cha lamba kapena batani kumbuyo. Pa gitala yakuda kapena ya sunburst (yoderako m'mphepete, yowala pakati) zimaoneka kwambiri kuposa pa thabwa loyera. Koma zambiri mwa zimenezi zili pamwamba pokha, ndipo mmisiri akhoza kuziwalitsa gitala n'kubwerera mwakale.

Satin amabisa zala ndi timizere, ndiye zaka zoyambirira amaoneka waudongo popanda khama. Koma timapiri tija timatha ndi kukhula. Pamene mkono wamanja umatsamira, pamene kachala kakang'ono kamagunda pansi pa bowo, kumbuyo kwa khosi, ndi pamene gitala imakhudza mimba, pamayamba kunyezimira. Mapeto ake gitala imakhala ya mawanga, pena powala pena pozimirira. Palibe mankhwala oletsa zimenezi, ndipo kuzibweza n'kovuta. Mukakwecha banga lowalalo ndi steel wool limazima ndithu, koma kazimidwe ka timizere tokwecha sikafanana ndi ka ufa wa silica, ndiye mukapendeketsa pa kuwala chigambacho chimaonekabe. Oimba ena amakonda mawanga amenewa chifukwa amasonyeza kuti gitala imagwira ntchito. Ngati inu simuli m'gulu limenelo, dziwiranitu musanagule.

Pa open pore pali vuto lina. Thukuta, mafuta odzola ndi fumbi zimalowa m'timabowo n'kuda, ndipo vanishi pokhala wopyapyala sateteza kwambiri gitala ikagunda pakona ya tebulo. Polyester wochindikala, ngakhale amalemetsa thabwa, amapirira nkhanza. Gitala ya kwaya kapena ya sukulu, yogwiridwa ndi manja ambiri ndi kukwera minibasi yopanda chikwama cholimba, imakhalitsa ikakhala ya gloss wa polyurethane kapena polyester. Pamenepa kulimba kumaposa kakusiyana kochepa ka mawu.

Kukonza pakagumuka

Pa nitro wonyezimira, mmisiri amadontheza vanishi watsopano pogumukapo, ndipo watsopanoyo amasungunula wakale n'kukhala chinthu chimodzi. Amadikira sabata kapena kuposerapo, amapala ndi lezala mpaka pafanane, amakwecha, n'kuwalitsa. Ntchito ikayenda bwino simungaloze pamene panali bala. Pa polyurethane ndi polyester watsopano sagwirana ndi wakale mwanjira imeneyo, ndiye amadzaza ndi super glue wamadzimadzi, n'kupala ndi kuwalitsa chimodzimodzi. Pamasalala, koma kamzere kozungulira balalo kamatsala kakuoneka pang'ono.

Pa satin njira zonsezi zimakanika pamapeto. Kuti podzazapo pafanane ndi pozungulira muyenera kukwecha, ndipo mukakwecha mwasintha kale maonekedwe a malowo. Njira yokhayo yobisiratu ndi kupopera satin watsopano mbali yonse, thabwa lonse lakumbuyo kapena lonse lakumaso, ndipo pathabwa lakumaso zimenezi zimafuna kuphimba kapena kuchotsa bridge (kathabwa kogwira nsambo pathupi la gitala) ndi pickguard (kapulasitiki koteteza thabwa pafupi ndi bowo). Choncho mng'alu wokonzedwa pa gitala ya satin umalimba bwinobwino koma kawirikawiri umaoneka.

Anthu ena amagula gitala ya satin n'cholinga choti adzaiwalitse okha ndi mankhwala owalitsira galimoto. Zimatheka pang'ono, koma chotuluka chake ndi semi-gloss, osati kusalala kwa gloss wa kufakitale, chifukwa vanishiyo sanasalazidwe pansi. Ngati timabowo sitinatsekedwe, mankhwala oyerawo amatsalira m'menemo gitala n'kukhala ya timadontho toyera tovuta kuchotsa. Vanishi ndi wopyapyala, ndiye m'mphepete mumabooka msanga thabwa n'kuonekera. Pafupi ndi bridge ndi pansi pa mapeto a fingerboard nsalu sifika bwino, pamatsala pozimirira. Komanso kampani siingalandire dandaulo la vanishi amene mwamusintha nokha. Wofuna gloss agule gloss.

Kasamalidwe

Pa satin lamulo ndi lalifupi: kansalu kofewa kouma mukatha kuimba, ndipo litsiro likakakamira, kansalu konyowetsa pang'ono ndi madzi kenako kouma, mopepuka, motsata mizere ya thabwa. Polishi aliyense wokhala ndi phula kapena timibulu towalitsa amasiya zigamba zowala, ndipo kupukuta mwamphamvu malo amodzi kumachita zomwezo ngakhale ndi nsalu yokha. Pa gloss mukhoza kugwiritsa ntchito polishi wa magitala mwa apo ndi apo, koma yambani mwachotsa fumbi, chifukwa fumbi la m'chilimwe lili ndi mchenga ndipo ndi limene limajambula timizere tozungulira mukalipukuta mokanikiza. Mafuta a thukuta ouma ndi guluu wa masitika zimachoka ndi naphtha, mafuta othira m'malaita a mtundu wa Zippo, amene saononga nitro kapena polyurethane.

Polishi wa pansi, wa nsapato, mafuta ophikira ndi mankhwala opopera mipando zisafike pa gitala iliyonse. Mankhwala opopera mipando ambiri ali ndi silicone, amene akalowa m'ming'alu kapena m'timabowo amakaniza guluu ndi vanishi watsopano kugwira. Tsiku limene gitalayo idzafune kukonzedwa, vanishi adzathawa malowo n'kupanga timaenje tozungulira.

Eni magitala a nitro, kaya satin kaya gloss, asamale ndi zinthu zinayi. Mankhwala odzola othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET amasungunula nitro, ndipo mkono wodzola ukatsamira pagitala madzulo amodzi okha umasiya chipsera chosachoka. Sanitizer, perefyumu, spiriti ndi mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo nazonso zimaononga. Lamba wa vinyl ndi labala wa pa zoimikira magitala zotchipa zimadya nitro zikakhudzana naye masiku angapo, choncho kulungani labalayo ndi nsalu ya thonje ndipo musasunge lamba atagona pagitala m'chikwama. Chachinayi ndi kuzizira. Amene ali ku Britain kapena ku Johannesburg nthawi yachisanu, gitala ikachokera panja kapena m'galimoto yozizira, asiye chikwama chotseka maola angapo m'nyumba. Mukatsekula nthawi yomweyo, thabwa ndi vanishi zimafutukuka mosiyana ndipo vanishi amang'ambika timizere. Pa gloss timizereto timaoneka kwambiri.

Palibe vanishi amene angateteze gitala ku nyengo. Opanga magitala amalangiza chinyezi cha pakati pa 45 ndi 55 peresenti. Kwathu kuno mpweya umauma kwambiri mu Seputembala ndi Okutobala, kenako mvula ikayamba chinyezi chimakwera, ndipo gitala ya matabwa enieni imaphwa ndi kutupa motsatira. Ikauma kwambiri thabwa lakumaso limamira, nsambo zimatsika n'kuyamba kukhudza ma fret (tizitsulo topingasa pakhosi), nsonga za ma fret zimabaya m'mbali mwa khosi, kenako mng'alu. Kasiponji konyowa koikidwa m'kabokosi ka sopo kobooledwa, m'kati mwa chikwama chotseka, kamathandiza miyezi youmayo. Galimoto yotsekedwa padzuwa imatha kutentha kupitirira madigiri 60, ndipo pamenepo guluu amafewa, bridge imayamba kudzuka, nitro n'kudindika ndi nsalu ya m'chikwama.

Posankha

Ngati ndalama zanu zikukwanira chimodzi mwa ziwiri, gitala ya satin ya thabwa lakumaso lenileni kapena ya gloss ya plywood, tengani ya satin. Thabwa limasintha mawu kuposa vanishi aliyense. Ngati mumajambula nyimbo pafupipafupi ndi maikolofoni, kapena mumafuna gitala yodzagulitsanso ikuoneka bwino patapita zaka, thupi la gloss ndi khosi la satin ndiye zoyenera, ndipo n'chifukwa chake makampani ambiri amapanga choncho. Ngati zidindo za zala zimakunyansani ndipo mawanga owala sakuvutani, satin adzakupumitsani kupukuta.

Musanalipire, imbani mutakhala mmene mumakhalira, mutavala zimene mumavala poimba, kwa mphindi 10 kapena 15 kuti dzanja litenthe. Khosi limene limamata silidziwika m'mphindi yoyamba. Khulitsani mkono dala pamwamba pa gitala nsambo mutazigwira kuti mumve phokoso la vanishi. Mupatseni mnzanu aimbe magitala onse awiri inu mutatembenukira kumbali, muone ngati mungasiyanitse.

Pa gitala yogwiritsidwapo kale ntchito, gloss amathandiza wogula. Iimikeni pafupi ndi zenera muyang'ane chithunzi cha zeneralo pathabwa lakumaso. Mzere wowongoka ukamapindika mwadzidzidzi malo amodzi, pamenepo pakhoza kukhala kamtengo ka m'kati komatuka, kutupa kumbuyo kwa bridge kapena mng'alu wokonzedwa. Satin amabisa zimenezi, ndiye pamafunika tochi younikira chapansipansi mopingasa thabwa, kusisita ndi nsonga za zala, ndi kugogoda pang'onopang'ono mukumvetsera ngati pena pakulira mobwebweta. Komano mawanga owala a satin amakuuzani zimene wogulitsa sanganene: gitala "yosagwiritsidwa ntchito kwenikweni" yokhala ndi khosi lowala kuyambira fret yoyamba mpaka yachisanu yaimbidwa kwambiri, ndipo muyang'ane ma fret a pamenepo ngati sanakumbike.

Yesaninso kulowetsa ngodya ya pepala pansi pa bridge chakumbuyo kwake. Pa gitala yopangidwa bwino vanishi amachotsedwa pamalo a bridge kuti thabwa limatidwe pathabwa. Mafakitale ena otchipa amamata bridge pamwamba pa vanishi, kapena amapala malo ochepa kwambiri, ndipo nsambo zachitsulo, zimene zimakoka ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 70, zimaidzutsa pakapita nthawi. Pepala likalowa milimita imodzi kapena awiri m'mphepete mokha si vuto, chifukwa makampani ambiri amasiya kamzere ka vanishi pansi pa m'mphepetemo. Likalowa kwambiri, bridge iyenera kuchotsedwa, malowo apalidwe mpaka pathabwa, n'kuimatanso, ndipo mtengo wa ntchito imeneyo muuchotse pa mtengo wa gitala.